Pampu ya Dizilo Ikafa, Wolira ndi Mayi

Amayi anzanga a m'chigwa chino cha Shire, kuyambira pa Thabwa kutsika mpaka ku Marka, ndi inu a kutsidya kwa mtsinje ku Makhanga ndi ku Fatima, sabata ino tiike kaye pambali singano ndi mthiko, tikambe za chitsulo. Chitsulo chake ndi chija amakaniko amachitcha injekita pampu, kapena kungoti pampu ya dizilo. Ndikudziwa kuti ena mwakwinya kale nkhope, mukuti nkhani ya ku galaja yasochera bwanji pa tsamba la amayi. Siidasochere ayi. Tawerengani zigayo za dizilo zimene zili m'dera lanu, ndi magalimoto a matola amene amanyamula anthu, nsomba ndi matumba a mapira pakati pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula, ndipo mufunse kumene kudachokera ndalama yogulira zinthu zimenezi. Mupeza kuti ina idachokera ku thonje limene mayi adatola dzuwa lili paliwombo, ina ku ng'ombe ya banja, ina ku banki m'khonde kumene dzina lolembedwa m'kaundula ndi la mayi. Tsono injini ikaima, ngongole siima nayo. Tsiku la msonkhano likakwana, amene amakakhala pamphasa pamaso pa anzake n'kumafotokoza chifukwa chimene walepherera kubweza ndinu, osati a makaniko.

Poyamba tidziwe ntchito ya chitsulochi. Injini ya petulo imayatsa mafuta ndi moto wa mapulagi, koma ya dizilo ilibe moto wotero, ngakhale kuti zina zili ndi timapulagi tongoitenthetsa polizidwa m'mawa. Iyo imakoka mpweya n'kuupanikiza kwambiri m'kati mwake mpaka utatentha, monga mmene pampu ya njinga imatenthera m'manja mukapopa tayala mofulumira. Pa kanthawi komwe mpweya watenthetsetsako, dizilo amafayidwa m'menemo ngati nkhungu, ndipo amayaka yekha. Nzeru imeneyi idachokera kwa Rudolf Diesel wa ku Germany, amene injini yake idayenda bwino m'chaka cha 1897, ndipo mafutawa adatengera dzina lake. Koma kufaira mafuta m'malo odzaza mpweya wopanikizika si ntchito yamasewera. Pafunika chinthu chowakankha mwamphamvu, chowayeza muyeso wake, ndiponso chodziwa nthawi yake yeniyeni. Zonsezi ndi ntchito ya pampu.

Kumapeto kwa mapaipi ochokera ku pampuyo kuli timilomo totchedwa manozulo. Amene mudapoperapo mankhwala m'munda wa thonje mukukadziwa kamlomo ka chopopera chija. Kakalowa mchenga, mankhwala satulukanso ngati nkhungu. Amangodontha, kapena kuthamangira mbali imodzi. M'injini zimachitika chimodzimodzi, kungoti mphamvu yake ndi ina. Nozulo ya injini zakale siitseguka mpaka dizilo atapanikizika kuposa mpweya wa m'tayala la galimoto maulendo 40 kapena kupitirira apo.

M'kati mwa pampu muli kamunsi ndi kamtondo kake, zonse zachitsulo. Amakaniko kamunsiko amati pulanja. Kamunsi kakatsika, dizilo amalowa m'kamtondo. Kakakwera, kamamukankhira ku nozulo. Mtondo wathu wa pakhomo ngakhale utakula kukamwa umasinjabe, ndipo munsi wa kwa anansi ungathe kubwerekedwa. Uwu suli choncho. Mpata wa pakati pa kamunsi ndi kamtondo ndi wochepa kuposa tsitsi limodzi la m'mutu mutalilenga kakhumi, ndipo ziwirizi zimasulidwa pamodzi ku fakitale ngati mapasa, kotero kuti kamunsi ka pampu ina sikangakwatiwe ndi kamtondo ka pampu ina. Chimene chimafewetsa ziwirizi kuti zisadyane ndi dizilo yemweyo amene zikupopa. Mawu amenewa muwasunge, pakuti nkhani yathu yonse yagona pamenepa: dizilo ndi chakudya cha injini, komanso ndi mafuta odzola a pampu. Kamchenga kamene diso silingakaone kakalowa mu mpata umenewu kamakanda chitsulo, ndipo pamene pakandika sipapolanso.

Kampani ya Bosch ya ku Stuttgart, ku Germany, ndiyo idayamba kupanga mapampu otere ambirimbiri m'chaka cha 1927. Ku Japan kampani ya Diesel Kiki idayamba m'chaka cha 1939 kupanga mapampu motsata nzeru za Bosch, ndipo m'chaka cha 1990 idasintha dzina n'kukhala Zexel. N'chifukwa chake pa kachitsulo kolembedwa kamene kamakhomedwa pambali pa pampu mumapeza dzina la Zexel pa magalimoto ambiri a Isuzu ndi Nissan, la Denso pa a Toyota, ndi la CAV pa mathirakitala akale a Massey Ferguson. Malole akuluakulu amakhala ndi pampu yaitali ya timinsi tondandalika, kamodzi pa silinda iliyonse. Timagalimoto ta matola, monga Hilux zakale, timakhala ndi pampu yobulungira ya kamunsi kamodzi kamene kamazungulira n'kumagawira masilinda onse, monga mayi mmodzi wogawa nsima m'mbale zinayi. Pampu yobulungirayi ndiyo yosapirira kwambiri, chifukwa m'kati mwake monse, kuyambira pakhomo mpaka kumapeto, mumasamba dizilo yekhayekha. Injini za zigayo za silinda imodzi, kaya ndi Lister za ku England, kaya zofanana nazo za ku India, kaya za ku China, zili ndi kapampu kakang'ono kokwana m'dzanja. Kameneka n'kosavuta kukonza ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo, koma matenda ake ndi omwewo.

Adani a pampu ndi madzi, fumbi, parafini ndi mpweya, ndipo chigwa chathu chidawalera onsewa. Za fumbi sindikamba zambiri, pakuti aliyense amene adayendapo pa msewu wa ku East Bank m'mwezi wa Okutobala amalidziwa ndi mano. Madzi ndiwo amabwera mwakachetechete. Kuno dzuwa limatha kupitirira madigiri 40 masana, ndipo thanki imene ili ndi dizilo wapansipansi imadzaza mpweya wotentha wachinyezi. Usiku kukazizirako, chinyezi chija chimasanduka mame pa zipupa za thanki, monga mmene chivundikiro cha mphika chimachitira thukuta, ndipo madonthowo amatsikira pansi chifukwa madzi amalemera kuposa dizilo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Madzi amenewa akafika m'pampu amabala dzimbiri pa kamunsi kaja, makamaka injini ikakhala masiku osalizidwa.

Koma njira yaikulu imene adaniwa amalowera ndi chigubu. Tonse tikukumbukira kusowa kwa mafuta kwa mu 2011 ndi 2012, ndi mizere italiitali ya mu 2022 ndiponso ya kumapeto kwa 2024. Pa nthawi zotere mwini chigayo wa kumudzi sangagone masiku atatu pa mzere, motero amagula kwa mavenda a m'mbali mwa msewu. Ngakhale mafuta atakhalapo, kuchokera kumidzi ya kutali kukafika pa malo omwetsera mafuta ndi ulendo, ndipo chigubu chimapambanabe. Sindikunena kuti wogulitsa aliyense ndi wachinyengo. Koma dizilo wa m'chigubu wayenda m'manja ambiri: wakokedwa ndi paipi yoyamwa ndi pakamwa, wathiridwa m'ndowa, wagona m'chigubu chimene dzulo chidatunga madzi pa mjigo. Ena, mtengo wa parafini ukakhala wotsika, amasakanizamo kuti achuluke. Injini imalira ndithu ndi dizilo wosakaniza parafini, ndipo apa ndi pamene anthu amanyengedwera. Parafini ndi wouma, alibe ulenda wofewetsa chitsulo, choncho kamunsi ndi kamtondo zimapekesana tsiku ndi tsiku mpaka mpata utakula. Mwini wake amadzadziwa patapita miyezi, wogulitsa uja atasamuka kale. Bungwe la MERA, limene limayang'anira za mafuta m'dziko muno, limaletsa malonda a mafuta opanda chilolezo, ndipo ngozi ya moto ndi chifukwa chimodzi chabe; china n'chimenechi.

Apa tsono ndi pamene mayi ali ndi mphamvu kuposa makaniko aliyense, chifukwa ntchito yake ndi ija timaidziwa kuyambira tili atsikana: kusamala chotengera, kudikha madzi, ndi kusefa. Dizilo akhale ndi zigubu zake zosagwira ntchito ina iliyonse, zotsekeka bwino, zolembedwa chizindikiro kuti mwana asazitengere ku mjigo. Ndowa yamalata isagwiritsidwe ntchito posungira dizilo, chifukwa chonyezimira chimene adapaka pa malatacho chimasungunukira m'mafuta n'kukatseka timabowo ta manozulo. Mukagula dizilo, musamuthire m'injini tsiku lomwelo ngati mungathe. Muikeni pamthunzi, pamalo osagwedezeka, agone tsiku lathunthu ndi usiku wake, kuti madzi ndi zinyalala zikhale pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pothira, thirani mofatsa, ndipo wotsalira pansi, wokwana ngati zala ziwiri, musamulowetse m'thanki. Ameneyo ndi wotsukira zitsulo. Amene muli ndi mgolo, muugoneke chopendekeka pang'ono, mpopi wake ukhale mbali yokwera, kuti zapansi zikhale kutali ndi potulukira. Fanelo ikhale ndi kasefa kake, ndipo mukatha ntchito muisunge m'pepala lapulasitiki, osati kuisiya pansi pamene pamagwa gaga. Nsalu yaubweya kapena yothothoka ulusi si yosefera dizilo, chifukwa ulusiwo umapita nawo.

Mukakayika dizilo amene mwagula, thirani pang'ono m'botolo loyera louma, muliike pawindo kwa ola limodzi. Dizilo wabwino amaoneka mbee, mungathe kuona chala chanu kuseri kwa botolo. Wa madzi amaoneka wachimbuuzi, kapena mumaona timadontho ndi kamzere ka madzi pansi. Parafini yekha ndiye sadziulula m'botolo, motero kwa iye chitetezo chake ndi kugula pa malo odziwika. Ndipo thanki idzazidwe madzulo pomaliza ntchito, osadikira m'mawa, kuti mpweya wachinyezi usapeze malo ogona.

Pakati pa thanki ndi pampu pali mlonda mmodzi yekha, ndiye sefa ya mafuta, imene amakaniko amati fyuluta. Ndi chinthu chotsika mtengo kuposa china chilichonse m'nkhani ino, koma ndi chimene abambo amakonda kunena kuti chidikire mwezi wamawa. Ena amachichotsa, n'kuchitsuka ndi petulo, n'kuchibwezera. Ena chikatsekeka amachiboola ndi msomali kuti mafuta adutse, ndipo injini imaliradi bwino sabata imeneyo. Kuteroko n'kuthamangitsa mlonda chifukwa chakuti wagwira akuba ambiri. Pansi pa sefa ya magalimoto ambiri pali kambale kokolera madzi, kokhala ndi kabawuti kapulasitiki kotsegula ndi dzanja, ndipo pa magalimoto ena kanyali kamayaka kutsogolo kwa dalaivala madziwo akachuluka. Funsani bambo a kunyumba kapena mnyamata wanu woyendetsa kuti adakakhetsa liti kambale kameneka. Akayamba kukanda m'mutu, mwadziwa. Komanso thanki isasiyidwe mpaka kuuma, chifukwa pamenepo pampu imayamwa zinyalala zapansi, kenaka imayamwa mpweya n'kumazungulira youma.

M'magulu amene ndimayendera ndimalimbikitsa kope la chigayo. Mlembi alembe tsiku lililonse malita a dizilo amene athiridwa, ndi ndowa za chimanga, mapira kapena mchewere zimene zagayidwa. Pakatha mwezi mudziwa kuti lita imodzi imagaya ndowa zingati pa chigayo chanucho. Tsiku limene nambala imeneyi yayamba kutsika, pali zinthu ziwiri: kapena dizilo akutulukira pakhomo lina, kapena injini yayamba kudwala. Zonse ziwiri n'zofunika kuzidziwa msanga. M'kope lomwelo mulembenso tsiku limene mwasintha sefa ndi oyilo, ndipo pa ndalama ya tsiku lililonse muzipatula kagawo ka thumba la zokonzetsera, kamene sikabwerekedwa ngakhale pa ukwati.

Injini imalankhula ndi utsi. Utsi wakuda ukutanthauza kuti dizilo wachuluka kuposa mpweya, ndipo pa chigayo chifukwa chake kawirikawiri ndi sefa ya mpweya imene yatsekeka ndi ufa ndi gaga, osati pampu. Utsi woyera wonunkha dizilo, woyabwa m'maso, ndi wa mafuta amene sadapse, mwina chifukwa manozulo akudontha kapena pampu ikuponya mafuta mochedwa. Utsi wobiriwira ngati mtambo ndi wa oyilo, ndipo umenewo ndi mlandu wa mapisitoni ndi malingi. Galimoto imene imalira bwino m'mawa koma ikatentha n'kuzimitsidwa imakana kuliranso mpaka itazizira, nthawi zambiri pampu yake yatha m'kati. Oyilo akamakwera pa kandodo koyezera m'malo motsika, ndipo akununkha dizilo, mwina kamphira ka kutsogolo kwa pampu kang'ambika ndipo dizilo akutsikira m'injini. Pamenepo galimoto iime tsiku lomwelo. Ndanena izi kuti mudziwe kuti si matenda onse amene ali a pampu. Makaniko wabwino amayamba ndi zotsika mtengo: sefa ya mpweya, sefa ya mafuta, mapaipi olowetsa mpweya, kenaka manozulo, ndipo pampu imakhala yomaliza. Amene angofika n'kunena kuti “pampu yafa” asanatsegule ngakhale sefa, muuzeni mwaulemu kuti mukaganize kaye.

Pali kabawuti kena pa pampu kamene ku fakitale adakamanga ndi waya kapena kukaphimba, kuti kasakhudzidwe. Kameneka kamayeza kuchuluka kwa dizilo amene pampu ingaponye. Madalaivala a matola, poganizira chikweza chija chokhotakhota cha kuchokera pa Thabwa kukwera ku Blantyre, amauza makaniko kuti akatsegule pang'ono “kuti galimoto ikhale ndi mphamvu”. Mphamvu imabweradi pang'ono, koma imabwera ndi utsi wakuda, kutentha kwa injini ndi ludzu la mafuta. Mukaona galimoto ya banja lanu ikusiya mtambo wakuda pa chikweza, dziwani kuti umenewo ndi dizilo amene mudalipira, akuuluka osagwira ntchito.

Tsono tifike pa kukonza kwenikweni. Amakaniko athu a pa Dyeratu, pa Nchalo kapena pa Bangula ndi anthu aluso, ndipo popanda iwo chigwa chino chikadaima kalekale. Kuchotsa pampu pa injini, kuibwezera, kuitchera nthawi yake ndi kutulutsa mpweya m'mapaipi, zonsezi amazitha bwino lomwe. Kapampu ka chigayo nakonso angathe kukasintha kamunsi ndi kamtondo kake, malinga agule ziwirizo pamodzi zili m'paketi yake, ndipo agwirire ntchito pa thebulo loyera m'nyumba, manja atasamba. Koma kumasula pampu ya galimoto pansi pa mtengo, pa chiguduli, mphepo ikuulutsa mchenga, ndi kuipha kachiwiri. Ngakhale munthu atakhala ndi manja abwino chotani, diso silingayeze ngati silinda iliyonse ikulandira dizilo wofanana ndi inzake.

Ku Blantyre ndi ku Limbe kuli magalaja amene ntchito yawo ndi mapampu ndi manozulo basi. Kumeneko pampu imatsukidwa kunja isanatsegulidwe, imamasulidwa m'chipinda chotsekedwa, ndipo kachitsulo kalikonse kamayang'anidwa. Timphira tonse timasinthidwa, ndipo zitsulo zimene zadyeka zimalowedwa m'malo ndi zatsopano. Akaimanganso amaikweza pa makina oyesera, amene iwo amati benchi. Makinawo amazunguza pampu monga mmene injini ikadachitira, pang'onopang'ono ndiponso mothamanga, ndipo mafuta otuluka pa paipi iliyonse amagwera m'kabotolo kake kokhala ndi mizere. Mmisiri amayerekeza ndi nambala za m'buku la pampu ya mtundu umenewo, n'kumatchera mpaka timabotolo tonse titalingana. Amayesanso kachipangizo kamene kamaletsa injini kuthamanga mopitirira muyeso. Manozulo nawo ali ndi choyesera chake cha dzanja, choonetsa mphamvu imene akutsegukira ndi maonekedwe a nkhungu yake. Choncho potumiza pampu, tumizani ndi manozulo omwe. Pobwezera pa injini, nthawi yake itcheredwe bwino. Amayi awiri akamasinja mu mtondo umodzi, wina akachedwa kapena kufulumira pang'ono, minsi imagundana. Pampu ndi pisitoni zimasinjanso motero.

Kuchokera ku Nsanje kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo ndalama ya ulendo ndi yogona imawawa. Ziwiya zonsezi zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa mphamvu mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake idakwera nayo. Komabe kukonzetsa kamodzi pa benchi kumaposa kukonzetsa katatu pa chiguduli. Pochotsa pampu, mabowo ake onse atsekedwe ndi timapepala tapulasitiki toyera, ikulungidwe bwino, inyamulidwe m'katoni. Musananyamuke, lembani m'kope dzina ndi nambala zonse za pa kachitsulo kolembedwa kaja, ndipo amene muli ndi foni yojambula mujambule, kuti pampu imene ibwerere ikhale yanu yomweyo. Ngati ndi katundu wa gulu, apite anthu awiri, mmodzi akhale msungichuma. Pofika kumeneko musachite manyazi chifukwa chakuti mwavala chitenje pakati pa maovololo. Safunsa adadya phula. Funsani kuti: “Bambo, mwapeza chiyani m'katimu, dzimbiri kapena mchenga? Musintha ziti, ndipo mtengo wa chilichonse ndi wotani? Muiyesa pa benchi ife tikuona? Ikavuta pasanathe miyezi ingati tingaibweze osalipiranso?” Mmisiri woona sakwiya ndi mafunso otere. Pemphani kuti zitsulo zakale akupatseni m'manja, ndipo lisiti likhale lolembedwa zonse zimene achita.

Funso loyamba lija ndilo lofunika koposa, chifukwa limakuuzani chimene chidapha pampu. Gulu lina la amayi limene ndimaliyendera lidakonzetsa kapampu ka chigayo chawo katatu m'nyengo imodzi yokolola. Ulendo uliwonse chigayo chinkalira masabata owerengeka n'kuyambanso kutsokomola. Amayi adayamba kulozana zala, ena akuti msungichuma akugwirizana ndi makaniko, ena akuti pali dzanja la munthu wanjiru, mpaka awiri adaleka kupatsana moni pa mjigo. Ulendo wachinayi mmisiri wina wachikulire adakana kukhudza pampu, adayamba wamasula thanki n'kuikhuthulira m'beseni pamaso pa onse. Mudatuluka madzi ofiira ndi matope a dzimbiri odzaza kapu. Pampu yatsopano iliyonse inkamwa chitsime chomwecho. Choncho pampu ikabwera kokonzedwa, isabwezeredwe thanki isanatsukidwe, mapaipi asanapemereredwe, ndi sefa yatsopano isanaikidwe.

Za mapampu akale ogulitsidwa m'misika ya ziwiya za magalimoto ndingonena mwachidule. Ena ndi abwino, ena adatayidwa kale ndi eni ake n'kungopakidwa utoto. Kunja amafanana onse. Musalipire yonse pampu isanakwere pa benchi, ndipo nambala yake igwirizane ndi ya injini yanu.

Amene mukusonkha ndalama kuti muitanitse galimoto yogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, kaya idzera pa doko la Dar es Salaam kaya la Durban, funsani mtundu wa injini yake musanatumize ndalama. Magalimoto a dizilo a zaka za posachedwapa, monga Hilux zolembedwa D-4D, ali ndi dongosolo lina lotchedwa common rail, limene lidayamba kufala kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. M'menemo pampu imangopanikiza dizilo mu paipi imodzi, mwamphamvu yoposa ya mpweya wa m'tayala maulendo 500 ndi kupitirira, ndipo kompyuta ndiyo imatsegula manozulo. Injini zimenezi zimamwa mafuta pang'ono, zili ndi mphamvu, ndipo sizifuka utsi wambiri. Koma zidaleredwa ndi dizilo woyera wa kwawo, ndipo sizikhululuka. Pampu yake ikadyeka, timazira tachitsulo timayenda m'njira yonse mpaka kubwerera m'thanki, ndipo manozulo onse amafa limodzi. Ndalama yokonzetsera imatha kudya ng'ombe ya m'khola. Ngati galimoto yanu izikagwira ntchito kumidzi kumene mafuta ake ndi a m'chigubu, nkhani imeneyi ikambidwe pa banja musanasankhe.

Sitingakambe za injini m'chigwa chino osatchula madzi osefukira. Tidawaona mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, mu Januwale 2022 ndi namondwe wa Ana, ndiponso mu Malichi 2023 ndi Freddy. Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo m'masiku a mdima amenewo amayi ambiri adabwerera ku zigayo za dizilo. Injini imene yamizidwa isalizidwe, ngakhale kungoyesa kamodzi. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndipo akakhala m'silinda amapinda zitsulo za m'kati pa kuzungulira koyamba. Oyilo akhetsedwe, dizilo yense achotsedwe, masefa asinthidwe, manozulo amasulidwe kuti madzi atuluke, ndipo pampu ipite kwa mmisiri m'masiku oyambirira omwewo, chifukwa dzimbiri silidikira kuti msewu ukonzedwe.

Chenjezo lina ndi la ana athu aamuna amene amathandiza ku chigayo ndi ku matola, ndiponso atsikana amene masiku ano akuphunzira umakaniko kudzera ku TEVETA, ndipo ndimakondwa ndikawaona. Munthu asafufuze podontha pa paipi ya nozulo ndi chala injini ikulira, ndipo asaike dzanja kutsogolo kwa nozulo imene ikuyesedwa. Dizilo wopanikizika amaboola khungu ngati jekeseni. Kabala kake kamaoneka ngati ka minga, ndipo poyamba sikapweteka kwambiri, koma mafutawo amawononga mnofu m'kati mpaka chala kapena dzanja lingadulidwe. Zikachitika, musamange ndi kansalu n'kudikira m'mawa. Pitani naye ku chipatala nthawi yomweyo, ndipo mukawauze adokotala momveka kuti dizilo walowa m'thupi kuchokera ku paipi ya injini.

Mvula isanayambe, magulu amene zigayo zawo zili m'malo otsika akambirane pa msonkhano wa mwezi uno za kukweza mgolo wa dizilo pa nsanja, ndi za anthu amene adzamasule kapampu ndi nozulo n'kupita nazo kumtunda uthenga wa madzi ukadzamveka pa wailesi. Mayina awo alembedwe m'kope, pamodzi ndi malo amene masipanala amasungidwa.